Tichoke pa AngularJS, koma tsamba ndi tsamba

Pa 31 Disembala 2021, gulu la ku Google lomwe linkayang'anira AngularJS, framework kapena kuti maziko omangirapo mapulogalamu a pa intaneti, linasiya kuikonza. Sizinachitike mwadzidzidzi. Eni akewo anali atanena kale kuti kuyambira pa 1 Julaye 2018 sadzawonjezeramo zatsopano, azingokonza zolakwika zikuluzikulu kwa zaka zitatu, ndipo mliri wa Covid-19 utavuta anawonjezera miyezi isanu ndi umodzi kuti anthu apeze mpata wosamuka. Mpatawo unatha, koma mkangano sunathe. Paliponse pamene olemba mapulogalamu a pa intaneti akumana ndi amene amasainira ndalama, funso limabwera lomwelo: pulogalamu yathu yolembedwa mu AngularJS tiisiye momwemo, tiisamutsire ku Angular yatsopano, kapena tiitaye n'kuyamba ina? Magulu awiri ndiwo amakweza mawu kwambiri. Lina limati chomwe chikugwira ntchito usachikhudze. Lina limati zakalezi zatha ntchito, tizifufute zonse n'kulemba zatsopano kuyambira mzere woyamba.

Ine ndikutsutsana ndi magulu onse awiriwa, ndipo mbali yanga ndi iyi: aliyense amene akadali ndi pulogalamu ya AngularJS yomwe anthu amaidalira pa ntchito ayenera kuyamba kusamuka tsopano, ndipo asamuke pang'onopang'ono, tsamba ndi tsamba, pulogalamuyo ikugwirabe ntchito. Kungokhala ndi ngozi yomwe ikukulirakulira. Kutsekera madivelopa m'chipinda kwa chaka kuti alembe zonse mwatsopano ndi ngozi inanso, yomwe inapweteka kale makampani aakulu kuposa athu.

Kuti timvetse chifukwa chake nkhaniyi imautsa mtima chonchi, tiyenera kukumbukira kuti AngularJS ndi Angular zimangofanana dzina. AngularJS inatuluka mu 2010, kuchokera ku ntchito yomwe Miško Hevery anayambitsa, ndipo inakopa anthu chifukwa munthu akalemba kanthu mu fomu, tsamba lonse linkasintha lokha popanda divelopa kulemba khodi yambiri. Mphamvu imeneyi inali ndi mtengo wake. Kanthu kalikonse kakachitika pa tsamba, AngularJS imayendera chinthu chilichonse chomwe ikuchiyang'anira, n'kufunsa ngati chasintha, ndipo ikapeza chosintha imayambiranso, mpaka kakhumi ngati kuli kofunika. Tsamba likakhala ndi tebulo la mizere mazanamazana, foni yotchipa imayamba kukoka miyendo. Mu Okutobala 2014, pa msonkhano wa ng-europe ku Paris, gulu la Google linalengeza kuti mu Angular 2 simudzakhalanso ma controller, $scope kapena angular.module, zigawo za khodi zomwe pafupifupi pulogalamu iliyonse ya AngularJS inamangidwapo. Angular 2 inatuluka mu Seputembala 2016, yolembedwa mu TypeScript, chilankhulo cha khodi cha Microsoft, ndipo chilichonse chinali chomangidwa ndi ma component, tizigawo ta tsamba toima patokha. Choncho kusamuka komwe tikukambaku si kungosintha nambala mu fayilo n'kupita kunyumba. Ndi kulembanso, ndipo funso lenileni ndi lakuti tilembenso motani.

Tiyambe ndi a gulu loyamba, chifukwa mfundo yawo si yopusa. Iwo amati pulogalamu yathu yagwira ntchito zaka zambiri, ogwiritsa ntchito anaizolowera, zolakwika zake tinazipeza kale n'kuzikonza, ndiye tiwonongerenji ndalama posintha chinthu chomwe kasitomala sadzaona n'komwe kusiyana kwake? Amanenanso zoona akamati khodi siwola. Fayilo ya JavaScript yomwe inagwira ntchito mu 2016 ndi yomweyo lero, palibe chilembo chomwe chachokamo.

Koma vuto lili poti zonse zoizungulira fayiloyo zikuyenda. Choyamba ndi chitetezo. Kuyambira 2022 akatswiri akhala akupeza ndi kulengeza poyera mipata yatsopano mu AngularJS, ina yolola munthu woipa kulowetsa khodi yake pa tsamba lanu, ina yolola kuimitsa tsambalo pongolitumizira mawu okonzedwa mwadala. Kale mpata wotere ukapezeka, Google inkatulutsa chokonza. Lero mpatawo umalembedwa pamalo poti aliyense awerenge, kuphatikizapo akuba, koma chokonza chaulere chochokera kwa eni ake sichibwera. Taganizani za SACCO yomwe mamembala ake amaonera ndalama zawo pa tsamba lotere, kapena sukulu yomwe makolo amalipirirapo fizi. Wapampando wa bungwelo akafunsidwa chifukwa chake zinsinsi za anthu zinatuluka, kuyankha kuti "imagwira ntchito bwinobwino" sikungamupulumutse. Chachiwiri ndi zida zomwe pulogalamuyo imadalira. Protractor, yomwe ambiri ankayesera nayo masamba a AngularJS, inasiyidwa mu 2023. Bower, yomwe ankatengera nayo malaibulale, eni ake akhala akulangiza anthu kuti apite kwina kuyambira kalekale. Zotsatira zake n'zakuti tsiku lina kompyuta yomwe inkamangira pulogalamuyo ikafa, divelopa amatha masiku akusakasaka mtundu wakale wa Node, chida choyendetsera JavaScript pa kompyuta, ndi mafayilo akale kuti angokwanitsa kusintha chiganizo chimodzi pa tsamba. Chachitatu, chomwe mabwana amachiiwala kwambiri, ndi anthu. Mnyamata kapena mtsikana amene akumaliza maphunziro a kompyuta lero amaphunzira ma framework monga React, Vue kapena Angular. Sadzapatula nthawi yake kuphunzira $scope, ndipo ali ndi chifukwa chomveka, popeza luso limenelo silimupititsa patsogolo. Amene akuidziwa pulogalamu yanu ndi mmodzi kapena awiri, ndipo tsiku lomwe adzapeze ntchito ina mudzazindikira kuti bungwe lonse linali m'mutu mwa munthu mmodzi.

Ndivomereze pomwe gululi likulondola. Ngati ndi kapulogalamu ka mu ofesi komwe sikaoneka pa intaneti, kogwiritsidwa ntchito ndi anthu owerengeka, ndipo mwagwirizana kale kuti chaka chamawa mukasiya, kasiyeni kamalize ntchito yake. Kusamutsa chinthu chomwe chikufa kale n'kutaya ndalama. Koma chigamulo chotere chilembedwe, chikhale ndi tsiku lake, osati kungokhala chete n'kumatcha kukhala cheteko kuti ndi chigamulo.

Mfundo yachiwiri yotsutsa ndi ya ndalama, ndipo imabwera ndi yankho lake lomwe. Amati kusamuka n'kokwera mtengo, pomwe pali makampani monga HeroDevs omwe amagulitsa chisamaliro cha AngularJS, kutseka mipata yachitetezo kwa amene alipira. Bwanji osangolipira iwowo? Sindikunyoza njira imeneyi. Kwa banki kapena kampani ya inshuwalansi yomwe ili ndi masamba mazanamazana ndipo malamulo akuifuna kuti ionetse kuti zida zake zikusamalidwa, kugula chisamaliro chotere n'kwanzeru pa nthawi yomwe kusamuka kuli mkati. Komabe ndalama imeneyi imagula nthawi yokha. Siibweretsa madivelopa atsopano, siifulumizitsa tsamba pa foni, ndipo siidzutsa malaibulale onse omwe anafa pamodzi ndi framework yawo. Kuwonjezera apo, chisamaliro chotere chimalipidwa mu ndalama zakunja chaka ndi chaka. Aliyense amene anali ndi ngongole ya madola pomwe kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa momwe bilu yotere imakulira usiku umodzi. Ndalama yolipira divelopa wakwanu kuti asamutse masamba awiri pa mwezi imatha tsiku lina ntchitoyo ikatha, ndipo luso limatsala m'nyumba. Ndalama ya chisamaliro ilibe tsiku lothera pokhapokha mutasamuka ndithu.

Pali chinanso pa nkhani ya ndalamayi chomwe chimandiwawa. Mapulogalamu ambiri amalembedwa pansi pa pulojekiti ya zaka zochepa. Pulojekiti ikatha, pulogalamu imaperekedwa kwa eni ake ndi mwambo ndi zithunzi, koma mu bajeti mulibe mzere wa kuisamalira. Anthu amaganiza kuti agula chinthu chomalizidwa. Pulogalamu ya pa intaneti simalizika, chifukwa ma browser, malaibulale ndi akuba onse sapuma. Amene akudandaula lero kuti kusamuka n'kodula nthawi zambiri akulipira pamodzi ndalama zomwe zinayenera kumalipidwa pang'onopang'ono zaka zonsezi.

Mfundo yachitatu ndi ya mkwiyo, ndipo ndimaimvetsa. Amati Google inatitaya kamodzi, tinamanga pa maziko awo iwo n'kuwagumula, ndiye tibwererenji kwa anthu omwewo? N'zoona kuti chilengezo cha 2014 chinapweteka anthu. Chinabwera zaka pafupifupi ziwiri Angular 2 isanatuluke, njira yosamukira isanafotokozedwe bwino, ndipo ambiri anatembenukira ku React, yomwe Facebook inatulutsa mu 2013, kapena ku Vue, yomwe Evan You anatulutsa mu 2014. Koma tiyeze Angular ndi zomwe yachita kuyambira 2016. Kwa zaka zambiri inkatulutsa mtundu waukulu miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, mtundu uliwonse n'kumasamalidwa miyezi 18, ndipo pali chida cha ng update chomwe chimasintha chokha mbali yaikulu ya khodi yanu mukamakwera mtundu. Mu 2020, pa Angular 9, anasintha injini yonse yojambulira masamba n'kuikamo Ivy, ndipo mapulogalamu ambiri anawoloka popanda kulembedwanso. Izi zikuonetsa kuti phunziro la 2014 analimva. Mtengo wake ndi wakuti simungagone: mukasiya Angular zaka zitatu osaikweza, mudzapezekanso muli pa mtundu wosasamalidwa.

Chofunika kwambiri n'chakuti mkwiyowu, ngakhale utakhala wolondola, ukuyankha funso lina. Ukunena za komwe tipite, osati ngati tichoke. Amene sakufuna Angular apite ku React kapena Vue, palibe cholakwa. DHIS2, yomwe imapangidwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ndipo imagwiritsidwa ntchito pa zaumoyo m'mayiko ambiri kuphatikizapo Malawi, inali ndi pulogalamu ya Tracker Capture yolembedwa mu AngularJS, ndipo yolowa m'malo mwake, Capture, anailemba mu React. Kungoti musaganize kuti kwinako kulibe misamuko. Vue 2 nayo inasiya kusamalidwa pa 31 Disembala 2023, ndipo ogwiritsa ntchito ake anakumana ndi funso lomweli. Ine ndimakondera Angular pa pulogalamu yaikulu ya AngularJS pa chifukwa chimodzi chooneka: pali ngUpgrade, chida chochokera kwa eni ake chomwe chimalola framework yakale ndi yatsopano kukhala pa tsamba limodzi n'kumabwerekana ma service ndi ma component. Koma ngati madivelopa omwe muli nawo, ndi omwe mungawapeze mu mzinda wanu, amadziwa React, tsatirani anthuwo. Framework yabwino yopanda woidziwa siikuthandizani.

Tsopano tifike pa gulu lomwe ndimaliopa kwambiri, chifukwa ndi la anzanga olemba mapulogalamu ndipo mawu awo amakoma. Amati popeza AngularJS ndi Angular n'zosiyana kotheratu, kulumikiza ziwirizi n'kudzivutitsa. Tipatseni miyezi isanu ndi umodzi, tilembe zoyera, zopanda zigamba za zaka khumi, kenako tsiku limodzi tizimitse yakale n'kuyatsa yatsopano. Pa pulogalamu yaing'ono, ya masamba asanu kapena khumi, akunena zoona, ndipo ndingachite chimodzimodzi. Pa yaikulu, ayi, ndipo chifukwa chake ndi zigamba zomwezo. Khodi yakale ikaoneka yonyansa, nthawi zambiri n'chifukwa choti yasunga zinthu zomwe palibe amene anazilemba pena paliponse. Mzere wachilendo uja unaikidwa chifukwa nambala za foni zina zimalembedwa ndi 0 kutsogolo, zina ndi nambala ya dziko. Wina unaikidwa chifukwa akauntanti amafuna kuti risiti yobwezedwa iwerengedwe mwezi womwe inabwezedwa. Wina chifukwa intaneti ikaduka pakati pa kutumiza fomu, ndalama zinkalembedwa kawiri. Wolemba mwatsopano saziona zimenezi mpaka kasitomala atakwiya. Kuwonjezera apo, bizinesi siima kudikira. Pa miyezi yonse yomwe pulogalamu yatsopano ikulembedwa, yakale ikufunabe kusinthidwa, ndiye chilichonse chimalembedwa kawiri, kapena ogwiritsa ntchito amauzidwa kuti adikire. Miyezi isanu ndi umodzi ija imatalika, bwana amatopa kulipira chinthu chomwe sakuchiona, ndipo pulojekiti imaimitsidwa ili pakati: ndalama zapita, AngularJS ikadalipo. Netscape inasankha kulembanso browser yake kuyambira pachiyambi. Mtundu wachinayi unatuluka mu 1997, wachisanu sunatuluke n'komwe, wachisanu ndi chimodzi unafika kumapeto kwa 2000, ndipo pofika nthawiyo Internet Explorer inali itatenga msika.

Njira yomwe ndikuimirira katswiri wa mapulogalamu Martin Fowler anaifotokoza mu 2004 poifanizira ndi mitengo ya mtundu wa mkuyu yomwe anaiona ku Queensland, ku Australia. Ife tikuidziwa bwino kudzera mu kachere. Mbewu yake imamera pa nthambi ya mtengo wina, imatsitsa mizu pang'onopang'ono mpaka pansi, imakuta mtengo wakalewo, ndipo podzafika poti wakalewo wafa, kachere waima kale payekha. Pa pulogalamu zimayenda chonchi. Muyambe mwaikweza kufika pa AngularJS 1.8.3, mtundu womaliza. Kenako, mukadali mu AngularJS momwemo, sinthani ma controller akhale ma component, zomwe zakhala zotheka kuyambira pa mtundu wa 1.5 mu 2016, ndipo chotsani kudalira $scope. Bweretsani TypeScript ndi chida chamakono chomangira mafayilo. Lembani mayeso pa njira zomwe zimakhudza ndalama ndi zinsinsi za anthu, chifukwa mayesowo ndiwo adzakuuzeni ngati tsamba latsopano likuchita zomwe lakale linkachita. Ntchito yonseyi ili ndi phindu ngakhale musanasankhe komwe mukupita. Mukatero, lowetsani framework yatsopano, ndipo sabata iliyonse kapena mwezi uliwonse tsamba limodzi liwoloke, lipite kwa ogwiritsa ntchito enieni, zolakwika zake zioneke zikadali zochepa, lakale lifufutidwe. Ndalama zikatha pakati pa ulendo, zomwe mwasamutsa zikugwira kale ntchito.

Pali chotsutsa chomaliza, ndipo ndicho champhamvu kwambiri pa njira yangayi, choncho sindichithawa. Ma framework awiri pa tsamba limodzi ndi katundu wolemera. Wogwiritsa ntchito amatsitsa mafayilo a onse awiri, zomwe zimadya bandulo ndi nthawi, makamaka pa foni yaing'ono ndi netiweki yofooka. Komanso awiriwa akalumikizidwa mosasamala, kanthu kakachitika mbali imodzi kamadzutsa inayo, tsamba n'kumachedwa kuposa kale. Zonsezi n'zoona. Koma zili ndi mankhwala odziwika. ngUpgrade ili ndi njira ya downgradeModule yomwe imalekanitsa awiriwa kuti asamadzutsane pachabe. Mbali yomwe munthu sanaitsegule ingathe kudikira osatsitsidwa mpaka ataifuna. Ndipo pali njira ina yosavuta yomwe ambiri amainyalanyaza: osawasakaniza n'komwe, koma kuuza seva kuti maadiresi ena apite ku pulogalamu yakale, ena ku yatsopano, ziwirizo zikugawana malowedwe ndi maonekedwe. Munthu akachoka pa tsamba la malipoti kupita pa la malipiro, tsamba limatsegukanso kamodzi, basi. Njirayi imagwira ntchito ngakhale mwasankha React kapena Vue.

Choopsa chenicheni cha kusamuka pang'onopang'ono si kulemera kwa mafayilo. Ndi kuima pakati. Masamba osavuta amawoloka msanga, otsalawo ndi ovuta omwe aliyense amawaopa, ntchito zina zachangu zimabwera, ndipo patapita zaka bungwe limapezeka likusamalira ma framework awiri m'malo mwa imodzi, mipata ya AngularJS ikadali pomwepo. Amene amanditsutsa akaloza zimenezi, akuloza chinthu chomwe chimachitikadi. Yankho lake silili mu khodi, lili kwa amene amasainira ndalama ndi kugawa ntchito. Pakhale lamulo loti kuyambira lero palibe tsamba latsopano lolembedwa mu AngularJS, ngakhale kasitomala atafulumira bwanji. Pakhale mndandanda wa masamba onse otsala, wopachikidwa poti bwana aziuona, ndipo masamba ovuta asasiyidwe onse kumapeto. Gawo la nthawi ya madivelopa mwezi uliwonse lipatulidwire kusamuka, lisamalandidwe ntchito ina ikangotulukira. Ndipo mu kontrakiti kapena mu bajeti mulembedwe tsiku lomwe fayilo ya angular.js idzachotsedwe pa seva, pamodzi ndi mzere wina wa chaka ndi chaka wolipirira kukweza framework yatsopanoyo nthawi yake ikakwana.